Kaderno Yako Ili kwa Ine

Lifidzi, Lachinayi masana

Filomena mwana wanga,

Usavutike n'kumasula mtolo wonse, kaderno yako, kabuku kako kolembamo kaja, mulibe. Ndaitenga ine. Amayi ako sakudziwa kanthu, usawakalipire. Ndaitenga m'mawa muja utangotembenuka kupita ku Fonte Boa kukatsanzika amadre, masisitere aja anakuphunzitsa, ndipo kalata iyi ndikaiika pomwepo, pakati pa zitenje pamene unabisa kadernoyo. Ndikudziwa kuti pofika apa mlomo wam'munsi watuluka kale, monga umachitira kuyambira uli kumsana kwa amayi ako. Khala pansi, Naphiri. Werenga mpaka pothera, kenaka uchite zimene mtima wako ukuuza.

Akundilembera ndi a Simiyoni, mnzanga uja anali katekisi, poti ukudziwa kuti ine ndi lapizi sitinakhalepo pachibale. Tili kuseri kwa nyumba yawo, pansi pa mpichesi. Angondiuza kumene kuti, "A Phiri, pano si pamaliro ayi, mapepala ndi ochepa, dulani nkhani." Ndawayankha kuti alembe timalemba tating'ono. Ndikasokera azinditsokomolera, koma asachotse liwu ngakhale limodzi, ndipo pomaliza andiwerengera yonse kuti ndimve ngati sanandibere.

Ndikadatha kukuuza pakamwa. Pakamwa ndi pomwe ndimadyera ine, mudzi wonse ukudziwa. Koma lero ndi tsiku lachitatu usakundilankhula. Ukamandipatsa madzi umayang'ana kukhoma, ndikangoyamba kuti "mwana wanga" umakumbukira kuti mbuzi sizinamwe. Ndipo mawa ukunyamuka, kuwoloka malire kupita kwa azakhali ako ku Dedza, kukayesa mwayi wa unamwino pa chipatala chija anakupezerako malo. Mayeso ake ndi a m'Chingerezi. Iwe ukuti popanda kaderno ija ukalephera. Ine ndikuti ndi kaderno ija sukafika n'komwe. Tasiyana pamenepo basi. Kuyambira Lolemba sindikukhazikika, khasu ndimaligwira n'kulisiya, dzulo ndinapita kukamangirira ng'ombe imene ndinali nditaimangirira kale.

Usaganize kuti ndimainyoza kadernoyi. Ndinaiona ikubadwa. Amayi ako anabwera kuchokera ku msika wa kutsidya atagulitsa mbatatesi, usipa atawakulungira m'pepala, ndipo iwe m'malo mosamala ndiwo unasamala pepalalo. Unati ndi tsamba la buku lomasulira mawu, Chingerezi mbali iyi, Chinyanja mbali iyo. Sabata yotsatira unasenza dengu wekha kukampatsa mayi wogulitsa usipa uja kuti akupatse masamba otsala. Koma iye anali atayamba kung'amba kuchokera kutsogolo miyezi yambiri yapitayo, mawu ena onse a Angerezi anali atalowa kale m'makhitchini a anthu. Iwe unapeza ochepa, ndipo onse oyamba ndi malembo awiri omwewo, lija lopindika ngati njoka ndi lija loima ngati mtanda. Unawakopera m'kaderno poti mapepalawo ankanunkha ndipo mphaka ankawalondola. Kuyambira pamenepo nyumba yathu yakhala ikulira sita, site, siti, sito, ngati muli munthu wothamangitsa nkhuku. Posankha nyemba umawatchula, posinja umawatchula. Tsiku lina unati, "Situpidi, wopusa." Ndinaleka kusema mpini. Liwu limenelo ndinaitanidwa nalo nyengo zitatu zathunthu kumafamu. Ndinkadziwa kuti si dzina laulemu, koma tanthauzo lake wandiuza ndiwe, patapita zaka zonsezi, uli ndi lichero pamiyendo.

Tsopano tamva zimene zili m'kadernomo, ndikuuze ine wosawerenga. Muli sitabu, kubaya. Muli sitiraka, kumenya, kapena kunyanyala ntchito. Muli sitiragolo, kulimbana. Muli sitati, kuyamba. Muli siteshoni. Iwe ukuti ndi mawu chabe, anangokhalira limodzi chifukwa cha malembo awo, monga anthu okwera lole imodzi osadziwana. Ine ndikuvomera. Koma sipayi, wapolisi wa boma wa pa mlatho wa kumalire, sadziwa za lole imeneyo. Chingerezicho sachiwerenga, koma Chinyanja chako chooneka bwinocho achiwerenga mosavuta: kubaya, kumenya, kulimbana, kuyamba, siteshoni, zolembedwa ndi dzanja la mtsikana amene akuloza kumalire masiku ano a nkhondo. Adzaitana msilikali, msilikali adzaitana mnzake, ndipo dzuwa lisanafike pamutu adzakhala atagwirizana kuti ukutengera uthenga anyamata a m'tchire. Mwana wa a Benedito anamugwira ndi chiyani? Kachidutswa ka nyuzi ya ku Malawi kamene anakulungira fodya. Mvula yagwa n'kutha, amayi ake akusesabe m'nyumba mwake m'mawa uliwonse. Kaderno imeneyi isawoloke mlatho, mwana wanga.

Ine pepala linandimenyetsapo. Chala changa ichi chopindika, chimene umaseka kuti ndikaloza kumsika chimaloza kutchalitchi, sichinabadwe chotero. Ndinali mnyamata, ndikubwerera ulendo wanga woyamba wa kumafamu a ku Halale. Pamene tinkadikira lole, munthu wina wa kuno, amene sindinkamudziwa bwino, anandipatsa kalata kuti ndikapereke kwa mkulu wake. Ndinaiika m'chipewa, ndikunyada kuti anthu akundikhulupirira. Titafika pa poshito, pa ofesi ya boma ya Apwitikizi, anatiuza kuti tivule zipewa, kalata n'kugwa pamapazi pa sipayi. Anaitola, naipereka kwa mzungu. Mzungu anaitembenuza, nafunsa kuti mwalembedwa chiyani. Ndinati sindikudziwa, bwana. Anati, "Unyamula bwanji chinthu chimene sukuchidziwa?" Pamenepo ndinayamba kulankhula. Iwe ukundidziwa ndikayamba. Ndinafotokoza za mwini kalata, za malaya amene anavala, za agogo anga, za mvula ya chaka chimenecho. Pakamwa panga pamene panandipulumutsa kwa akapitawo ndi kwa apongozi, tsiku limenelo sipanagwire ntchito. Pepala linali chete patebulo, koma ankamvera ilo, osati ine. Anandimenya ndi mbalamatodya, thabwa lija lomenyera m'zikhato, manja onse awiri. Sabata yathunthu amayi anga ankandidyetsa ngati khanda, chipewa changa chatsopano chili pamsomali. Ndipo ukudziwa munali chiyani m'kalatamo? Munthu uja ankapempha mkulu wake kuti asagulitse mbuzi yake yaikazi. Inali m'Chingerezi chifukwa kalaliki amene anamulembera ankafuna kuonetsa kuti amachitha. Imeneyo inali nthawi ya mtendere, Filomena. Kalata ya mbuzi. Nanga lero, ndi kubaya kwakoko?

A Simiyoni atsokomola, akuti mfundo yamveka ndipitirire. Sindinamalize, koma ndipitirira.

Cholakwa changa chachiwiri ndimachita nacho manyazi mpaka lero, ndipo a Simiyoni akuchimva koyamba. Ulendo wachiwiri wa kumafamu ndinatenga msuweni wanga Tomasi. Sunamuone, anamwalira usanabadwe. Anali wamtali, wosalankhulalankhula, munthu woti ukamuuza kuti dikira apa umamupeza pomwepo. Njira yonse ndinamudzitamira kuti Chingerezi ndimachimwa ngati thobwa. Zoona zake, mawu amene ndinali nawo akadakwana m'dzanja limodzi. Titafika, mwini famu anatiimika pakhonde nalankhula nthawi yaitali, akuloza uku, akuloza uko, akupinda zala. Kapitawo womasulira anali pafupi pomwepo akusuta. Ndikadangoti, "Bambo, sitinamve, tithandizeni." Koma ndikadanena bwanji Tomasi akundiyang'ana? Ndinagwedeza mutu n'kuti yesi. Tomasi anandinong'oneza, "Akuti chiyani, achimwene?" Ndinati, "Akuti ntchito ndi yopepuka, tikakolola tizipita kwathu." Anadinda chala chake ali wosangalala. Kumeneko kunali kuvomera zaka ziwiri m'zigafa zowotchera fodya, ku famu ina ya mzungu yemweyo, kutali ndi ine. Anabwerako ndi chifuwa chimene sichinamusiyenso. Sanandidzudzule ngakhale tsiku limodzi. Ndikafika pamowa ankangoti, "Amasulira afika, apatseni mpando," anthu n'kuseka, ine n'kuseka nawo.

Ndiye iwe, mwana wanga, uli ndi mawu a malembo awiri okha, kuphatikizapo timoni tija anakuphunzitsa azakhali ako ndi zimene umatola pa wailesi. Angerezi ali ndi malembo ena ambiri, a Simiyoni akuti amapitirira makumi awiri. Adzakufunsa liwu limene silinakulungirepo usipa. Usagwedeze mutu. Nena kuti sindinamve, bwerezani. Akaseka, aseke, kuseka kumatha madzulo omwewo. Makamaka kuchipatalako, kumene yesi wako akhoza kukalowa m'thupi la mwana wa munthu. Ndipo mnzako akadzakufunsa kuti akuti chiyani, iwe usanamve, usamuphikire zako. Wamva? Sindinamve, bwerezani. Uphunzire kunena zimenezo m'Chingerezi tsiku loyamba, usanaphunzire china chilichonse.

Tsopano ndikuuze za amalume anga a Kanyenda, poti nkhani yonse yagona pamenepa. Ndiwo anandiphunzitsa nthano, mbiri ya mbumba yathu, ndi kalankhulidwe ka pamlandu. Sankandikhazika pansi ayi. Ankandiphunzitsa tikuyenda, iwo patsogolo ndi makasu ogulitsa, ine pambuyo ndi mchere. Ankati, "Mphwanga, nkhani yaitali usaisenze yonse pamutu, uthyoka khosi. Uziisiya m'njira. Chiyambi chisiye pa chulu ichi. Pamene akanganapo, pasiye pa mkuyu uwo. Pamene wina wafa, pasiye pamadzi. Ukafuna kuinena, ingoyendanso njirayo m'mutu mwako, uzitola chimodzichimodzi." Ndipo zinkatheka. Nkhani yotha theka la tsiku ndinkainena osadumpha dzina, chifukwa dzina lililonse linali ndi mwala wake kapena mtengo wake pamene limandidikira.

Ine ndinaitaya njira imeneyo chifukwa cha jekete. Nditabwera kumafamu ndi jekete ndi nsapato, ndinaona kuti kulankhula ndi zulu ndi za anthu osayenda. Ndinatengera tambala kwa mnyamata wina wa kumishoni kuti andilembere mbiri yonse ya mbumba yathu papepala: amayi oyamba amene anafika kuno, amene anabala yani, amene anatsegula dimba liti. Amalume ataona anangoti, "Chabwino, mphwanga, pepalalo lizikumbukira, iwe upume." Ndinapumadi. Mapepala ndinawasomeka kudenga, njira ija osaiyendanso. Amalume anamwalira. Patapita mvula ziwiri panabuka mlandu wa dimba la kumtsinje, lija lili kumunsi kwa mabango, limene lero umaona anthu ena akudzalamo kabichi. Linali lathu limenelo. Abale onse anati Zakariya ndiye akalankhule, ali nazo zolembedwa. Ndinakwera kudenga, n'kupeza dothi la chiswe lokhalokha, kapepala kamene kanatsala kosakwana kukulungira fodya. Ndinapitabe pabwalo ndi jekete langa. Ndinatchula mayi woyamba, wachiwiri, wachitatu. Pa wachinayi ndinaima. Ndinafuna mtengo wake m'mutu mwanga, osaupeza, njira inali itamera. Mayi wina wokalamba wa mbali inayo, wosadziwa ngakhale chilembo chimodzi, anaimirira natchula ake onse mpaka kumapeto, osapuma. Dimba linapita. Amayi anga sanandikalipire, anangondifunsa tikubwerera kuti, "Jeketelo silikutentha?"

Kuyambira tsiku limenelo ndinabwerera ku njira ya amalume, ndipo sindinataye kanthu kena. Pepala ena amakulanda, lina chiswe chimadya, lina limakunenera zimene sunanene. Zili m'mutu sipayi sazipeza ngakhale akuvule chipewa.

Ndiye ndikuululire. Chaka chonsechi ndakhala ndikukubera mawu ako. Iwe unkaganiza kuti ndikuwodzera pakhonde, kapena ndikusema mipini. Ndinkatola. Liwu lililonse latsopano ndinkaponya nyemba imodzi m'chikho, ndipo chikhocho chatsala pang'ono kudzaza. Ndikamati ndikupita kukaona msika wa kumalire, n'kubwerako wopanda kanthu amayi ako n'kumadandaula, ndinkapita kukawakhazika m'njira. Njira yomweyo imene uyende mawa, ya amayi a madengu.

Tamva mmene akhalira. Ukangotuluka pakhomo pathu upeza sitati, kuyamba. Pa khola la nkhumba za a Benedito ndaikapo sitinki, kununkha, ndipo amene uja sungamuiwale ngakhale utafuna. Pa mwala waukulu pamene amayi amatulira madengu pali sitoni, mwala, ndipo pambali pake ndakhazikapo siturongo, wamphamvu, ndi sitaboni, wamakani. Wotsirizayo ndinamuika ndikuganiza za munthu wina wa m'nyumba mwanga, sinditchula dzina. Pa mtengo wa njuchi pali sitingi, kuluma. Potsikira kudambo pali sitipu, potsetsereka, ndi sitambulo, kupunthwa, pamalo penipeni pamene amayi ako anagwa ndi dengu chaka chatha mbatatesi n'kukafika kumadzi okha. Pamadzipo, sitirimu, kamtsinje. M'munda wa chimanga wa kutsidya lake muli sitoku, phesi, ndi sitavu, kufa ndi njala, poti awiri amenewo ndi anansi. Pa nyumba ya azamba ndasonkhanitsapo a ntchito yako: sitomaki, mimba, sitichi, kusoka, sitirecha, machira. Pa kantina, pamene timagula mchere ndi sopo, pali aja tinali nawo kale kuno osadziwa kuti ndi obwereka, sitolo, sitampa, sitima, amenewo sanandivutitse. Pamwamba pa phiri, pamene mphepo imachotsa anthu mipango, pali sitomu, mkuntho, ndi sita, nyenyezi. Pa mlatho, pamene amaima asilikali, pali sitopu, ima, sitandi, imirira, siteya, kuyang'anitsitsa. Oopsa aja, kubaya ndi kulimbana ndi anzawo, sindinawaike pamenepo ayi. Ndawakwirira kumanda akale aja timawalambalala, kumene palibe amene amafunsa. Ukangowoloka, woyamba kukulandira ndi sitirenja, mlendo, ndipo ameneyo ndiwe.

Ndatchula ochepa chabe, a Simiyoni akuti dzanja lawo likuphwanya ndipo sakudziwa ngati akulemba zoona kapena ndikuwanamiza. Alipo ambiri, mitengo ina yanyamula atatuatatu. Limodzi lokha ndi limene landivuta pokhazika. Sitei, khala. Ndinaliika pakhomo pathu, pafupi ndi mtondo, ndipo lakhala pamenepo miyezi yonseyi. Lero ndalizula. Ndakaliika pakhomo pa azakhali ako.

Iwe mawu amenewa umawadziwa kale, Naphiri. Ndakumva ukuwatchula kaderno ili chotseka, uli ndi mtsuko pamutu. Mantha okha ndi amene amakuuza kuti ali m'pepala. Ukafika kwa azakhali ako, uwapemphe kaderno yatsopano, ukhale pansi, uyendenso njira yathu m'mutu kuyambira pakhomo, uziwalemba mmodzimmodzi. Kumeneko Chingerezi si mlandu, ukhoza kuchiyanika ndi padzuwa pomwe. Ndipo kumeneko mabuku athunthu alipo, okhala ndi malembo onse. Ukalipeza limodzi usachite nalo mantha. Uligawe m'njira za kumeneko, kuchokera pogona kukafika kuchipatala, kuchokera kuchipatala kukafika kumsika. Koma njira ya kuno usaikemo zina. Isiye ndi mawu ake omwewa, uziiyenda m'mutu kamodzi pa sabata, kuti tsiku lobwerera usadzafunse munthu kuti kwa a Phiri n'kuti.

Zina n'zazing'ono koma uzimvere. Mawa uvale chitenje chakale chija, chofiiracho chikhale pansi pa mtolo. Nsapato uziike pansi pa mbatatesi, udzavale utawoloka. Uyende pakati pa amayi a madengu, osati patsogolo monga umachitira. Pa mlatho akakulankhula uyankhe m'Chinyanja. Chipwitikizi chako cha kwa amadre n'chabwino kwambiri, chikhoza kuwachititsa kufunsa kuti mtsikana wophunzira chonchi akusenzeranji dengu. Akakufunsa kumene ukupita, ukukagulitsa mbatatesi ndi kukaona azakhali. Si bodza, ndiye nkhope yako sidzanjenjemera. Milomo isamayende pamene ukudutsa, mawu uziwatola chamumtima. Ndipo usayankhe mwamakani. Ndikudziwa kuti ndikupempha mvula kuti igwe chokwera, koma pa mlatho pokha, mwana wanga, pa mlatho pokha.

Kwa azakhali ako ukadzuke iwo asanadzuke. Ndi mlongo wanga, ndikumudziwa, sadzakuuza kuti watopa nawe, adzangoyamba kuimba nyimbo za kutchalitchi mokweza. Ukamva zimenezo tenga tsache. Ndipo tsiku limene udzabwere kudzationa, Chingerezi udzachivule pakhomo pamodzi ndi nsapato. Amayi ako udzawapatse moni wa kuno, utagwada. Ine ndinalowapo m'nyumba ya amayi anga ndi moni wa kumafamu, anandiyang'ana n'kufunsa mlongo wanga kuti mlendoyu wadya kale kapena ayi.

Ndabwereranso pa kaderno, poti mtima wanga sukuchokapo. A Simiyoni anena kawiri konse kuti, "Ingoitenthani, a Phiri, mwana alira lero, mawa aiwala." Moto uli apa, akazi awo akuphika nyemba. Ndinaitulutsa m'thumba, ndinafika nayo pafupi mpaka chikuto chinafunda. Ndalephera. Ndinaona timalemba tako tija toyera, mizere yowongoka ngati ya munthu wodzala ndi chingwe, chaka chathunthu cha ntchito yako. Ndiponso ndikuudziwa mkwiyo wa mtundu wathu. Azakhali akowo anakangana ndi atate athu pa nkhani yaing'ono kuposa iyi, anawoloka malire omwewa ali chikwiyire, ndipo anapondanso kuno atate ali m'manda. Ndikaitentha ukafika bwino kutsidya, koma kuno sudzabweranso. Ndikakupatsa, mwina sukafika. Ndakhala ndikuzungulira pakati pa ziwirizi ngati mbuzi ya pachingwe, ndipo udzu wonse ndaumaliza.

Ndiye ndaganiza chonchi. Sindikulanda, poti siwenso mwana woti ndikubise mpeni. Ukamaliza kuwerenga, kalata iyi uwapatse amayi ako aisunge, nayonso isawoloke, muli zambiri. Kenaka ubwere kumunda wa mbatatesi wa kumtunda, undipeza pa msasa. Kaderno ili m'thumba la mkati, ndikupatsa m'manja mwako. Utsegule paliponse pamene ukufuna. Iwe uzinena Chinyanja ine ndizinena Chingerezi, kapena utembenuze, kapena uyambire kumapeto. Katchulidwe kanga ukhoza kuseka, mano anga ndi ochepa, koma liwu ndi tanthauzo lake uziweruza mosakondera, ngati aprofesoro a kusukulu. Ndikalephera limodzi lokha, ndiye kuti njira ya amalume ndi yosadalirika, kaderno ndi yako, uiike m'mtolo, sindidzanenanso kanthu, ndidzakuperekeza ndili chete. Koma ndikawatha onse, ine nkhalamba yosadziwa chilembo, ndiye kuti iwe sungalephere. Kaderno itsala kuno, ndipo mawa tiyenda limodzi mpaka pamene mlatho umaonekera, ine patsogolo ndikukuonetsa pamene aliyense wakhala, iwe pambuyo ukutola.

A Simiyoni aika lapizi pansi. Akuti, "A Phiri, mwapenga. Nanga mukaphonya?" Ndawauza kuti atole lapiziyo alembe zomwezo, kuti iwe udziwe kuti funso limeneli nanenso ndikulidziwa. Ndikaphonya ndiye kuti ndakutumiza ndekha pa mlatho ndi kubaya m'mtolo. Koma njira ina yoti upite uli mwana wanga sindikuiona.

Sindikubisira, pali liwu limodzi limandithawa. Limakhala pakati pa dambo ndi phiri. Masiku ena ndimalipeza lili pamalo pake, masiku ena ndimapeza mtengo wokha. Sindikuuza kuti ndi liti, ulifune wekha. Ine ndikunyamuka pompano kukaliyendera, a Simiyoni akangomaliza kundiwerengera. Usachedwe kubwera, ndipo usadikire kuti mkwiyo uthe, ubwere nawo womwewo. Dzuwa likalowa sutha kuona malembo, ndipo ine sindifuna kuti udzanene kuti ndinapambana chifukwa cha mdima.

Ndine bambo ako,
Zakariya